A Gervazio Sandalamu ndi nkhuni za kumanda

Pa 14 Julaye 2024, Lamulungu, tsiku lomwe tchalitchi chathu chatsopano cha Yakobo Woyera kuno ku Kamphande chimadalitsidwa, a Gervazio Sandalamu anabwezedwa pamzere wolandira Ukalisitiya. Ine ndinali pa benchi yachitatu kumbali ya abambo, ndipo ndinaona ndekha. Anali atavala jekete yawo yotuwa ija, manja ali pachifuwa, kutsogolo kwawo kutangotsala anthu anayi kuti afike kwa wansembe. A Dominiko Matewere, omwe pano ndiwo tcheyamani wa khonsolo ya tchalitchi, anadzuka pampando wawo, nadzawagwira paphewa.

“Akulu, mukudziwa kale. Musatichititse manyazi pamaso pa alendo.”

A Gervazio anawayang’ana kanthawi, kenako anatembenuka n’kubwerera kumbuyo, kwaya ili kuimbabe. Palibe amene anadzuka. Inenso sindinadzuke, ndipo chimenechi chimandidya mpaka lero.

Ndalemba makalata atatu pa nkhaniyi, opita kukhonsolo ndi kwa Bambo Mfumu: pa 22 Julaye chaka chomwecho, pa 4 Novembala, ndi pa 3 Malichi chaka chino cha 2025. Onse atatu sanayankhidwe. Tsono ndaganiza zolemba za munthuyo, chifukwa ena mwa inu amene mukukhala m’khonsolo lero munali kusukulu pamene iye ankayamba ntchito imene mukuyinyadirayi.

A Gervazio anabadwa mu 1950 m’mudzi muno, pamwamba pa Lobi, kumene chifunga cha mu Juni chimakhala mpaka dzuwa litakwera. Bambo awo anali a gule wamkulu, mayi awo anabatizidwa atakula kale. Mwanayo anatsata mayi ake. Sukulu analekezera Sitandade 5, kenako anakakhala zaka zisanu ndi zinayi kumaesiteti a fodya ku Kasungu, kumene anabwerako ndi njinga ndi chifuwa chimene sichinawasiye. Anakwatira a Filomena mu 1974, nabwera nawo kuno pa chitengwa. Mwa ana asanu ndi awiri, anayi ali moyo. Moyo wawo wonse wakhala wa mbatata ya kachewere, nyemba ndi kabichi wa kudimba, kukankha njinga mpaka pa Chimbiya ndi kubwerera. Kwa zaka zoposa makumi awiri ndiwo ankaimba belu lathu, lomwe linali limu ya tayala la lole yopachikidwa mumtengo. Sanali olankhula. Akawauza kuti atsekere msonkhano ndi pemphero, ankapemphera Atate Athu basi, n’kukhala pansi.

Tchalitchi chathu chakale chinamangidwa mu 1968 ndi njerwa ndi dothi. Munkalowa anthu zana limodzi ndi theka akathinana. Pofika 2011, amene ankamvera mapemphero ali panja anali ochuluka kuposa a m’kati. Amayi ankaima m’mazenera ana ali kumsana, mphepo ya mwera ikuwaomba. Aliyense ankati tikuze tchalitchi, koma tsiku la chisankho tonse ophunzira tinakana utcheya. Ine ndinali nditangopuma pa uphunzitsi, ndipo ndinati thupi silikundilola. Ndinangovomera ulembi. Dzina la a Gervazio linatchulidwa komalizira, anthu atatopa, ndipo iwo anangoti, “Ngati palibe wina, chabwino.”

Mkangano woyamba unali wa malo. Ena ankati tigumule chakale, tizipempherera pansi pa mtengo. Ena ankati timange kutsidya kwa msewu, kumene malo ake anali a eni ake. Tinakangana miyezi inayi. Lamulungu lina a Gervazio anatenga khasu, nayamba kulemba mzere pansi kuzungulira tchalitchi chonse, mapazi khumi ndi awiri kuchokera pakhoma, kutsogolo mapazi makumi atatu. Mmisiri wathu, a George, ankawatsata pambuyo akupukusa mutu.

“Atcheya, ndiye kuti tchalitchi chivale tchalitchi chinzake ngati jekete?”

“Eya,” anatero a Gervazio. “Kuno kumazizira.”

Anthu anaseka, koma ndi mmene tinachitiradi. Makoma atsopano akwere kunja, ife tizipempherabe m’kati mwa chakale, ndipo denga likadzatha tidzatulutse chakalecho. Palibe Lamulungu limene tidzasowe pokhala.

Ntchito anaigawa m’miphakati yathu isanu ndi umodzi, timagulu ta Akhristu oyandikana nyumba, Lachiwiri ndi Lachisanu, mphakati uliwonse tsiku lake. Amayi kutunga madzi ndi kusenza mchenga kuchokera kudambo, abambo kuponda dothi ndi kugwira zikombole. Simenti inkachokera m’munda wa kachewere umene tinkalima tonse. A Gervazio ankadziwa nyengo ya mlimi. Sankaitana munthu nthawi yopalira kapena yokumba. Ntchito inkayamba mu Meyi n’kuima mvula ikayandikira. Ndipo tsiku la mphakati uliwonse iwo ankakhalapo, kutanthauza kuti ena ankabwera kamodzi pa masabata atatu, iwo kawiri pa sabata.

Uvuni woyamba tinauotcha mu 2013. Tinali titaumba njerwa zikwi makumi asanu ndi limodzi, koma nkhuni zinalibe. Yang’anani mapiri athuwa, mwatsala chiyani? Tinasonkha timabulugamu tating’ono, nthambi za mapichesi ndi zitsononkho. Moto unayaka masiku awiri n’kutha. Njerwa zinatuluka zotuwa, zosapsa, ndipo mvula yoyamba itagwa, uvuni wonse unasanduka chulu. Ndikukumbukira mayi wina wa mphakati wa Tereza, amene anasenza madzi chilimwe chonse, ataima patsogolo pa a Gervazio manja ali m’chiuno.

“Atcheya, tandiuzeni, tinkaumba njerwa kapena phala? Khosi langali ndani andibwezere?”

A Gervazio anawerama. Anatola njerwa imodzi, naifinya ndi dzanja, n’kupukutira matopewo pathalauza.

Mu 2014 tinaumbanso, koma anthu anabwera theka. Njerwa zosaotcha tinaziunjika, n’kuzifunda udzu ndi mapepala a pulasitiki, osadziwa kuti tidzaziotcha ndi chiyani. Ndiye mu Januwale 2015 mphepo yamkuntho inagwetsa mitengo itatu ikuluikulu, miombo iwiri ndi muwanga, m’mphepete mwa manda a mudzi wa kutsidya kwa dambo. Inagwera kunja, m’munda wa munthu. Aliyense wodutsa ankaiona, koma palibe anaikhudza. Mtengo wa kumanda suphikira, sumangira nyumba, ndipo manda amenewo ndiwonso malo a gule wa mudziwo. Amene ankayang’anira za gule kumeneko anali a Zikhalo, mwana wa malume awo a Gervazio.

Nkhani ya mitengoyo inabwera m’khonsolo, ndipo amene anaiyambitsa anali a Dominiko Matewere. Mawu awo ndikuwakumbukira: “Mtengo sunavinepo gule. Atcheya, si msuweni wanu uja? Kapempheni.”

A Gervazio ndinawaperekeza ine, m’mawa wa Lachinayi. Tinawapeza a Zikhalo pakhonde akusema mpini. Anali munthu wamfupi, wamano awiri kutsogolo, wamawu aakulu. Atangotiona anayamba kufuulira akazi awo.

“Nangozo, bisa nkhuku, kwabwera Aroma! Iwe Gervazio, wabwera kudzandibatiza?”

“Madzi ake angakwane? Pa iwe pafunika dambo lonse.”

“Khala pansi, wansembe wopanda galimoto. Aphunzitsi, khalani apa pampando, uyu akhale pansi, ndi mwana.”

Anali obadwa chaka chimodzi. Anatukwanana choncho mpaka mbatata inapsa, ndipo titadya ndi pamene a Gervazio ananena chimene tinadzera. A Zikhalo anasiya kuseka. Anaika sompho pansi, nayang’ana kumanda nthawi yaitali.

“Mitengo imeneyo si yanga. Muli amayi anga m’menemo, muli agogo ako. Ndikafunsa akuluakulu. Koma ine ndili ndi changa.”

“Nena.”

“Tsiku langa likadzafika, udzandiperekeze mpaka kudzenje. Osati zanu zija zobwera kudzapepesa m’mawa, ng’oma ikangoti gu, nonse nyamu, ngati mwaputa njuchi. Amayi anga unawathawa choncho, ndinakuona. Ine usadzandithawe.”

“Iwe sufa msanga. Oipa mumakhalitsa.”

“Ndikunena zoona, msuweni.”

A Gervazio anasisita bondo. Kenako anati, “Ndamva. Ndidzabwera.”

Akuluakulu a kutsidya anavomera, malinga papite tambala wopepesera mizimu ya eni manda, ndipo odula akhale anthu awo, ife tizingolandirira kunja. Tambalayo anachokera m’khola la a Filomena. Pa 8 Febuluwale 2015, a Gervazio anafotokozera khonsolo nkhani yonse, pamodzi ndi lonjezo lija, osabisa liwu. Anthu anaseka. A Dominiko anati, “Zimenezo tidzaziona zikadzafika. Chachikulu nkhuni.” Ndinalemba m’buku la miniti, ndipo bukulo ndili nalo.

Ngolo imene inatuta nkhunizo inali ya a Dominiko, ndipo inayenda maulendo khumi ndi limodzi. Mu Ogasiti uvuni unayaka masiku anayi. Njerwa zinatuluka zofiira, zolira ukaziombanitsa. Amayi anaimba nthungululu, ndipo mayi wa khosi uja anabweretsera a Gervazio thobwa m’chigubu.

Zaka zotsatirazo sindidziwa ndizifotokoze bwanji kuti zisatopetse owerenga monga zinatitopetsera ife. Mu 2016 kunali njala, ndipo munthu wanjala sasenza mchenga. Mu 2017 a George anapita ku Joni osatsanzika. Mmisiri amene analowa m’malo mwawo anamanga khoma la kumpoto lopendama, moti tinaligumula mpaka pazenera. Chaka china simenti inauma yokha m’chipinda cha ansembe chifukwa cha chinyontho. Makoma atsopano atafika pamwamba, m’tchalitchi chakale munada bii, moti owerenga mawu ankawalitsa ndi foni masana. Pakati pa makoma awiriwo munkagona mbuzi za anthu, ndipo Loweruka lililonse a Gervazio ankasesa zitosi zake okha. Anthu ena anayamba kukapemphera kwina, kumene kunalibe zosenza njerwa. Ena ankati tcheyamani wosaphunzira ndiye watichedwetsa, ndipo ankanena zimenezi m’makutu mwanga, poganiza kuti ndikondwera.

Munda wawo unkalimidwa komalizira. Tsiku lina ndinapita kwawo kukatenga makiyi, ndipo ndinapeza a Filomena akusankha mbewu ya kachewere pabwalo.

“Mukufuna amuna anga? Inenso ndikuwafuna, aphunzitsi. Mukawapeza muwauze kuti khomo lawo likadali pomwe lija. Ine ndinakwatiwa ndi munthu, koma tsopano ndili pamitala ndi tchalitchi.”

Kawiri konse a Gervazio anapempha kutula udindo, mu 2017 ndi mu 2020, chaka cha mliri chija. Kawiri konse khonsolo inawakaniza. Pa ulendo wachiwiri a Dominiko ndi amene anati, “Mwayamba ndinu, mumalizenso ndinu.” Palibe ankafuna kulandira makoma opanda denga.

Malata anakwera mu 2022. Mu Meyi 2023 tinagumula tchalitchi chakale, tikupatsirana njerwa zake dzanja ndi dzanja kudzera m’mazenera a chatsopano. Zinatitengera masiku asanu ndi anayi. Titasesa, kuwala kunalowa mbali zonse, ndipo anthu anayamba kuyendayenda m’katimo akulankhula motsitsa. A Gervazio anakhala pa ndowa yovundikira, fumbi lili m’mutu monse. Ndinawafunsa ngati akondwa.

“Miyendo, aphunzitsi,” anatero. “Miyendo ikuwawa.”

Kunatsala pulasitala, simenti yapansi ndi zitseko.

A Zikhalo anamwalira mu Seputembala chaka chomwecho. Uthenga utafika, a Filomena anawachenjeza amuna awo ine ndili pomwepo.

“Bambo a Sophie, mukudziwa lamulo. Kapepeseni, ng’oma ikalira mubwere ndi anzanu. Wakufa saona.”

“Ine ndi amene ndidzaone.”

“Akakutsekerani masakramenti, mwamva? Zaka zonsezi?”

“Khonsolo ikudziwa. Aphunzitsi analemba.”

Lamulo la kuno aliyense amalidziwa: Mkhristu apite pamaliro a gule kukapepesa, koma gule akamatuluka achoke. Tinapita ambiri tsiku loika. Dzuwa litapendeka ng’oma inalira kuseri kwa mudzi, ndipo ife tonse tinadzuka n’kukutumula mathalauza. A Dominiko anawerama pa a Gervazio.

“Atcheya, nthawi yakwana.”

“Tsogolani. Ndikupezani.”

Ndinachoka pamodzi ndi anzanga, ndisaname. Koma titafika pachitunda cha kudambo ndinaima n’kucheuka. Zilombo za gule zinali patsogolo, fumbi lili kobo, bokosi pambuyo pake, ndipo kumbuyo kwenikweni kwa bokosilo kunali jekete yotuwa ikuyenda pang’onopang’ono. Amene analipo mpaka kumapeto anandiuza kuti malemuwo anasiya mawu akuti msuweni wawo asakhudzidwe ndi aliyense. A Gervazio sanavine, sanamwe mowa, sanalowe kudambwe, malo obisika a gule. Anaima pamutu pa dzenje, korona yopempherera ili m’manja, anaponya dothi nthawi yake itakwana, n’kubwerera kwawo dzuwa lisanalowe.

Khonsolo inakhala pa 8 Okutobala. Ndinapempha kuti ndiwerenge miniti ya 2015, ndipo ndinawerenga mokweza, pamodzi ndi dzina la amene anati tidzaziona zikadzafika.

“Aphunzitsi, miniti si lamulo,” anatero a Dominiko. “Tikawalekerera awa, mawa achinyamata onse ali kudambwe, adzati ngakhale atcheya anapita.”

“Nanga pamene ngolo yanu inkatuta nkhuni, achinyamata anali atatsinzina?”

“Nkhuni n’zina, maliro n’zina. Musasokoneze nkhani ndi Chingerezi chanu.”

Sindinalankhulepo Chingerezi ngakhale liwu limodzi. Anthu khumi ndi awiri anakweza manja, awiri tinakana. Chigamulo chinali chakuti a Gervazio atule utcheya, asalandire masakramenti, alowe kalasi la obwerera miyezi isanu ndi umodzi, ndipo pamapeto pake anene pamaso pa mpingo kuti akumva chisoni ndi chimene anachita. Sabata yomweyo a Dominiko anasankhidwa kukhala tcheyamani, ine ndinachotsedwa pa ulembi. Nthawi imeneyi tchalitchi chinali ndi denga, ndipo ofuna mpando sanasowe.

Ndinkaganiza kuti a Gervazio akwiya, asiya kubwera. Ayi. Makiyi anapereka tsiku lomwelo. Kalasi analowa miyezi yonse isanu ndi umodzi osajomba, munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi zitatu, atakhala pamodzi ndi atsikana otenga mimba ndi anyamata obera akazi, akuyankha mafunso a katekisimu amene anawaloweza asanabadwe wowafunsayo. Lachiwiri ndi Lachisanu ankabwerabe kudzasefa mchenga wa pulasitala, ngakhale kuti palibe ankawaitana.

Lamulungu lolandira obwerera, mu Epulo 2024, anzawo onse ananena mawu awo n’kubwerera m’malo. Itafika nthawi yawo, anaima kutsogolo chipewa chili m’manja.

“Abale anga, kumaliro ndinapitadi, ndipo ndinakhala mpaka kudzenje. Ngati ena anakhumudwa, pepani. Koma zoti ndinene kuti ndikumva chisoni kuti ndinapita, likhala bodza. Ndinalonjeza munthu, ndipo inu munalipo. Bodza m’tchalitchi sindinganene.”

Katekisiti anayang’ana a Dominiko, a Dominiko anapukusa mutu. Basi, nkhani inathera pomwepo. Anawauza kuti mawuwo sanakwane, ndipo chiletso chikhalabe mpaka adzanene zoyenera.

Ena amafunsa kuti nanga pa tsiku lodalitsa lija anapitiranji pamzere akudziwa zonsezi. Ndinawafunsa inenso. Anati wansembe wolalikira, mlendo wochokera ku dayosizi, ananena katatu kuti nyumba iyi ndi ya onse amene anaikapo dzanja, abwere asaope. “Ndiye ndinayesa akunena ndi ine,” anatero.

Bambo Mfumu amene ali ku parishi pano anabwera mu 2023, ali ndi nthambi zoposa makumi awiri, ndipo kuno amafika kamodzi pa miyezi iwiri. Sindikuti ndi munthu woipa. Ndinawatsekereza pagalimoto ku parishi mu Novembala watha, ndipo anandiuza kuti nkhani zotere zimayambira kukhonsolo, iwo amangolandira lipoti. Ndinapita kukhonsolo, anandiuza kuti nkhaniyo ili m’manja mwa Bambo Mfumu. Ndine nkhalamba, mawondo anga ndi otha, ndipo ndayenda pakati pa zitseko ziwirizi kokwanira.

Mu Febuluwale chaka chino a Gervazio anagwa m’dimba akupalira kabichi. Mbali ya kumanja inafa. Anakhala kuchipatala masabata atatu, kenako anawabweza kuti azikasamalidwa kunyumba. Nyumba yawo ili pafupi ndi tchalitchi moti kwaya ikamaphunzira nyimbo amamva ali pamphasa. Lamulungu la Misa, onyamula Ukalisitiya kupita kwa odwala amadutsa panjira ya kuseri kwa khola lawo. A Filomena anaima panjirapo kamodzi, mu Epulo, nawapempha kuti alowe. Anayankhidwa kuti dzinalo palibe pamndandanda.

Ndinapitako Lachitatu lapitali. Atha thupi kwambiri, chakudya chikungolowa phala, ndipo chifuwa cha ku Kasungu chija chabwerera mwamphamvu. Mawu amatuluka mbali imodzi ya kamwa, koma nzeru zili bwinobwino. Ndinawauza kuti ndikulemba nkhani yawo.

“Aphunzitsi, simutopa kodi? Zisiyeni.”

“Sindisiya.”

“Musawanyoze a Dominiko. Zitseko zija anaika bwino.”

A Filomena, omwe ankawapukuta pakamwa, anatsonya. “Mukumva? Munthu akumuponda, iye akuyamikira nsapato.”

A Gervazio anayesa kuseka, koma chinawagwira chifuwa. Chitatsika anandikoka mkono ndi dzanja lamoyolo kuti ndiyandikire.

“Ine za mpando sindifuna. Ndikufuna wansembe. Ndili ndi machimo anga enieni oti ndilape, ndipo ndi ambiri. Mai awa ndinawasiya okha zaka khumi ndi ziwiri. Mwana wanga Dennis ndinamumenya ndi mpini ali wamng’ono, mpaka lero sandiyang’ana kumaso. Zimenezo ndi zimene ndikufuna kunena. Koma iwo akufuna ndilape chimodzi chokhacho chimene ndinachita bwino.”

A Filomena anatuluka panja. Ine ndinakhala pang’ono, kenako ndinatsanzika.

Ndakhala mumpingo uno zaka makumi asanu ndi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Lamulo la maliro a gule ndikulidziwa, ndikudziwanso chifukwa chimene makolo athu analiikira, ndipo sindikupempha kuti lichotsedwe. Ndikunena kuti khonsolo inatuma munthu, inamva mtengo wake wa chimene inkapempha, inavomera, inalandira katunduyo, kenako inalanga wotumidwayo chifukwa chosunga mawu ake. Ngati panali tchimo, tinachimwa tonse pa 8 Febuluwale 2015, ndipo woyamba kulowa kalasi akhale amene anabweretsa nkhaniyo, wachiwiri ine amene ndinailemba. Ngati panalibe tchimo, munthu uja akugoneranji pamphasa osalandira, chiletso chili m’chaka chachiwiri?

Sophie, mwana wawo wamkulu, waitanidwa kale kuchokera ku Lilongwe. Amene anaona odwala amadziwa tanthauzo lake. Bambo Mfumu akubwera kuno pa 15 Juni, ndipo ulendo wotsatira ndi wa mu Ogasiti. Sindikhulupirira kuti a Gervazio adzafika Ogasiti.

Tsono ndikufunsa inu a Dominiko Matewere ndi khonsolo yanu, ndi inu Bambo Mfumu. Pa 15 Juni, Misa ikatha, wansembe adzalowa m’nyumba ya a Gervazio Sandalamu kukawamvera kulapa ndi kuwapatsa Ukalisitiya, kapena sadzalowa? Musanditumizenso kwa wina. Ndiyankheni eya kapena ayi, polemba, tsikulo lisanafike, ndipo woyankhayo asaine dzina lake.